Pita Ukaphunzile za Magazi a Atate Ako

Esnart mwana wanga,

Ndikulemba masana ano ndili pakhonde pathu pano pa Nyimba, iwe utapita ku Nyampande kukatsazika amalume ako. Mailo m'mawa ukwela basi ya ku Lusaka, ndipo kumeneko ndeke idzakunyamula kupita ku dziko limene ine ndimangolimva dzina. Ndikanakuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kukamba za iwe sindimaliza, ndipo amai ako amayamba kundiseka. N'chifukwa chake ndalemba. Uiwelenge uli m'basi, mutawoloka mlatho wa Luangwa.

Choyamba udziwe kuti ndine wokondwa, ndipo sindikubisa. Anzanga a pamsika wa nthochi akandifunsa kuti mwana akupita kukaphunzila chiyani, ndimawauza kuti akukaphunzila za tinthu ta m'kati mwa maselo totchedwa JAK. Amandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Ndimawasiya tele pang'ono, kenako ndimati, "Akukaphunzila chinthu chimene chinafuna kundipha." Pamenepo amamva, ndipo ena amandigwila chanza.

Nkhaniyi umaidziwa, koma chiyambi chake unali ku yunivesite ndipo zambili unangozimva pa foni. Zinayamba ndi kuyabwa. Ndikangosamba madzi ofunda, thupi lonse linkayaka ngati ndagubuduka pa chitedze, koma pakhungu panalibe ngakhale kachiphuphu. Ine ndinaweluza msanga kuti ndi sopo. Amai ako anasintha sopo. Ndinati ndi thaulo, anagula lina. Ndinati ndi madzi a pachitsime chathu, anayamba kukatunga kwa aneba. Tsiku lina anaika ndowa pansi nati, "Atate a Esnart, sopo tasintha, thaulo tasintha, madzi tasintha. Chatsala ndi munthu wosambayo." Ndinakwiya, koma anali atanena zoona. Ndinataya miyezi yambili ndikuteteza yankho limene linandibwelela loyamba, chifukwa chakuti linali langa. Iwe ukupita ku nchito ya kufunsa mafunso, Esnart. Yankho loyamba lidzakukomela kwambili. Ulikayikile, ndipo wina akakuuza kuti walakwitsa, umve kaye mpaka amalize, ngakhale akhale munthu amene sanawelenge mabuku ako.

Kenako maso anafiila. Mutu unkalemela m'mawa uliwonse ndipo chizungulile chinkandigwila ndikaimilila. Pa Sondo lina ndikupita kutsogolo kukawelenga mau, ndinadzandila n'kugwila benchi. Ganiza wekha: mkulu wa mpingo, maso psuu, akudzandila m'mawa pamaso pa anthu onse. Panalibe wofunika kumuuza choganiza. Pa msonkhano wa akulu, a Njobvu, mkulu mnzanga amene tinatumikila limodzi zaka zambili, ndiwo anatsegula nkhani.

"A Daka, tiuzeni chabe zoona. Munayamba liti?"

"Kuyamba chiyani?"

"Musativutitse. Maso anu akukamba okha."

Ndikanatha kunena kuti abale anga, mowa sindinaulawe, koma ndikudwala ndipo sindidziwa chimene chandigwila. Mwina wina akanandipelekeza ku chipatala mlungu womwewo. Koma ndinaona kuti munthu ngati ine sayenela kudzifotokoza. Ndinatenga chipewa n'kutuluka, ndipo iwo anandiimitsa pa udindo. Kuyambila pamenepo ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo amai ako anasiya kupita ku kwaya chifukwa cha manong'onong'o. Ndinkaganiza kuti kukhala chete ndi ulemu, koma kunali kunyada. Kumene ukupita adzakuganizila molakwa nthawi zina, chifukwa cha kalankhulidwe kako kapena chifukwa cha kumene wachokela. Usatenge chipewa n'kutuluka ngati ine. Ukhale pansi, ukambe bwinobwino chimene chili choona. Ukadwala unene. Ukasowa chinthu unene. Phunzilo likakukanika unene msanga, aphunzitsi ako asanayambe kudziyankha okha.

Amai ako ndiwo anandikokela ku chipatala. Atanditenga magazi n'kuwapima, kunabwela a Sisita Mwale, namwino wamfupi uja wosakonda nthabwala. Anayang'ana pepala, anandiyang'ana ine, nati, "Bambo, anthu amabwela kuno magazi atachepa. Inu achuluka. Akuyenda movutika m'mitsempha ngati uchi. Adokotala akuti tichotseko lelo lomwe." Ndinaona thumba lopanda kanthu ndi singano yaikulu pathebulo. Masiku amenewo kunali mphekesela zakuti pali anthu otenga magazi a anzao kuti akalemelele. Ine ndemwe ndinali nditadzudzula mphekesela zimenezo pamaso pa achinyamata. Koma singano itayang'ana mkono wanga, zonse zimene ndinaphunzitsa ena zinandithawa. Ndinati ndikupita kuchimbudzi, ndipo amai ako anandipeza kunyumba ndikuthilila nthochi.

Sipanapite nthawi yaitali mwendo wamanzele unatupa n'kuyamba kutentha. Magazi anali ataundana m'mtsempha. Anandinyamula kupita ku Petauke, ndipo dokotala wa kumeneko sanandinyengelele. Anati choundanacho chikanasuntha n'kufika ku mapapo, amai ako akanabwelela okha. Iwe unafika tsiku lotsatila kuchoka ku Lusaka, uli m'chaka chomaliza cha maphunzilo ako a za m'labu. Sunandikalipile. Unakhala pambali pa bedi, ndipo pamene anabweletsanso thumba lija unati, "Atata, likadzadza ndipempha kuti tilitsatile, muone ndi maso anu kumene likupita." Atamaliza unandikankha pa njinga ya odwala mpaka kuseli kwa chipatala kumene amawotcha zotayidwa. Ndinaona magazi anga akuponyedwa m'moto, ndipo mantha anathela pomwepo. Tsiku lomwelo mutu unapepuka koyamba patapita nthawi yaitali. Uzikumbukila zimenezi, mwana wanga. Munthu wamantha safuna kutukwanidwa kuti ndi mbuli. Amafuna wina amuonetse. Udzakumana ndi odwala ambili ngati ine, ndipo uziwachitila zimene unandichitila.

Ndiwe unakambilana ndi dokotala kuti magazi atumizidwe ku Lusaka akapimidwe mozama. Zotsatila zitabwela unandipeza kudimba. Amai ako anali pomwepo akudula mkoko wa nthochi. Unathyola kamtengo, unasalaza dothi lonyowa ndi phazi, n'kujambula chozungulila chachikulu. Ndikulemba pano mmene unandiphunzitsila kuti uone ngati wophunzila wako woyamba anamva.

Unati thupi lonse ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo maselo amatumizilana mauthenga. Ambili mwa mauthengawo ndi timapuloteni totchedwa masaitokaini. Uthenga sulowa m'selo. Umafika panja n'kukhala pa kanthu kolandilila kamene kanaboola khoma la selo, mutu uli panja, mchila uli m'kati. Ku mchila kumeneko n'kumene kumagwilila JAK, ndipo amakhala awiliawili.

"Jeke ya motoka?" ndinafunsa.

Unaseka mpaka kamtengo kanagwa. "Ai atata, ndi dzina chabe. Ndi banja la anai: JAK1, JAK2, JAK3 ndi TYK2."

Unati uthenga ukakhala panja, awili a m'kati aja amayandikana n'kudzutsana. Nchito yao ndi imodzi, kumata kachidutswa kotchedwa fosifeti pa malo a puloteni otchedwa tailosini, ndipo n'chifukwa chake amatchedwa matailosini kainezi. Choyamba amamatana okhaokha. Kenako amamata mchila uja. Mchila ukamatidwa kumabwela mapuloteni ena otchedwa STAT, nawonso amamatidwa, amagwilana awili, n'kulowa pakatikati pa selo pamene pamasungidwa malangizo onse a thupi. Kumeneko amatsegula langizo loyenela, kaya lakuti maselo achulukane, kaya lakuti amenyane ndi matenda. Uthenga ukatha, selo limachotsa zomata zija ndipo zonse zimakhala bata.

"Nanga ineyo?"

"Mpweya ukachepa m'magazi, impso zimatumiza uthenga ku mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiila," unatelo. "Amene amaupitiliza m'kati ndi JAK2. Wanu wasintha kachilembo kamodzi m'malangizo omupangila, ndipo kachilemboko kali pa mbali imene imamugwila kuti asagwile nchito popanda uthenga. Impso zanu zinachepetsa kalekale kutumiza, zotsatilazi zikuonetsa. Koma iye akungomata, ndipo mafupa akungopanga magazi."

Amai ako anaika chikwanje pansi, anayang'ana chojambulacho nati, "Ndiye kuti akuyankha wosaitanidwa." Iwe unati inde amama, ndi momwemo. Matendawo unawatchula kuti polisaitimiya vela, dzina limene ndinaliphunzila movutika, koma tsopano ndimalitchula osapunthwa. Tsiku limenelo, pa dothi la dimba langa, kuyabwa, maso ofiila, chizungulile ndi mwendo zinakhala nkhani imodzi yomveka. Luso limenelo usalitaye. Kumeneko udzaphunzila mau aatali, ndipo udzakhala ndi anthu amene amawamva osawafotokozela. Koma nthawi ndi nthawi uzidziyesa: kodi chimene ndapeza lelo ndingachijambule pansi amai anga n'kuchimva? Ngati sungathe, ubwelele ukachiwelengenso.

Panali funso limene linandilemela kuposa matendawo, ndipo ndinalisunga mpaka tikubwelela kunyumba. Ndinakufunsa ndikuyang'ana kwina kuti, "Ndakupatsilako?"

"Ai atata," unatelo. "Kusinthaku simunabadwe nako. Kunachitika mu selo limodzi la m'mafupa mwanu mutakula kale, ndipo selolo ndilo linachulukana. Simunandipatse."

Ndinaima panjila n'kuyamika Mulungu. Kenako ndinafunsa ngati chinayambitsa ndi fumbi la ku Sasare, kumene ndinakumbako golide ndili mnyamata, popeza abale ena ankanena choncho. Iwe unaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Zimenezo sindidziwa, ndipo sindikuganiza kuti alipo angakuuzeni motsimikiza." Ndinakukhulupilila pa yankho loyamba lija chifukwa cha lachiwilili. Ine pa moyo wanga ndayankha mafunso ambili amene sindinkadziwa yankho lake, poopa kuoneka wochepa, ndipo sizinandikulitse. Ukakwela pamwamba anthu adzafuna kuti udziwe zonse. Usachite manyazi kunena kuti sindidziwa.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndimalikonda. Atandichotsa magazi kangapo ndipo nditayamba kumwa asipilini ndi mapilitsi ochepetsa kupanga magazi, mwendo unaphwa, maso anayela, ndipo ndinayambanso kunyamula mikoko ndekha kupita nayo kumsewu. Ndinapita kwa abusa kukapempha mpata wolankhula. Pa Sondo ndinayenda kuchoka kumbuyo kuja mpaka kutsogolo osagwila benchi ngakhale limodzi. Ndinapinda mkono wa malaya, ndinawaonetsa zipsela za singano, n'kuwauza zonse: za kuyabwa, za kuthawa kwanga ku chipatala, za uthenga wa impso ndi za JAK2. Nditamaliza, a Njobvu anaimilila pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti akufuna kufunsa.

"A Daka," anatelo, "ndinakuweluzani ndi maso anga m'malo mokufunsani ndi mtima. Ndinakuchimwilani, ndipo ndikunena pano pamene onse akumva."

Anabwela kudzandigwila dzanja n'kundikokela ku mpando wa akulu. Amai a kwaya anayamba nthungululu, ndipo amai ako, amene anali atakhala nthawi yaitali osaimba, ndiwo anatsogolela nyimbo. Kuchokela tsiku limenelo a Njobvu ndiwo amanditenga pa njinga yao yamoto tsiku langa lochotsa magazi likafika, ndipo amakhala panja mpaka ndituluke. Munthu akakulakwila n'kubwela yekha kudzapepesa, umulandile msanga, Esnart. Ndikanawasungila mkwiyo, ndikanataya mnzanga wabwino kuposa amene ndinali naye poyamba.

Ukumbukilanso kuti tsiku lomwelo ndinatengeka n'kuwonjezela ulaliki. Ndinati JAK2 wanga ali ngati munthu wosamvela amene amadzituma yekha. Tikutuluka unandinong'oneza kuti, "Atata, selo lilibe tchimo. Mukatelo, wina akadwala adzaganiza kuti ndi chilango." Unanena zoona, ndipo sindinabwelezenso. Choncho sindikuphunzitsa makhalidwe kuchokela ku maselo. Ndikukuuza chabe kuti uzidya pa nthawi yake, uzigona mokwanila, ndipo upeze mpingo kapena anzako abwino oseka nao, chifukwa ndakuona mmene umaiwalila zonse ukagwila buku.

Kulakwitsa kwina ndinakuchita nditachila kale. Chaka chatha nthochi zinabeleka kwambili, ogula anali pamsewu tsiku lililonse, ndipo ine ndinkamva bwino. Ndinadumpha tsiku langa la ku chipatala, ndinadumphanso lina, mapilitsi ndikumwa ndikakumbukila. Mutu unayambanso kulemela. Nditabwelela, a Sisita Mwale sanandilonjele n'komwe. Anati, "Bambo, inu mwachila, koma JAK2 wanu sanachile. Gonani apo." Ndinagona. Zinthu zikamayenda bwino m'pamene munthu amasiya chimene chaziyendetsa bwino. Ukakhoza mayeso oyamba, usasinthe mawelengedwe amene akukhozetsa.

Unandiuza kuti kumene ukupita kuli mapilitsi otsekeleza JAK mwiniwakeyo, ena a matenda ngati anga, ena a nyamakazi, koma kuno sapezeka msanga. Unatinso mapilitsiwo satha kusiyanitsa bwino JAK wosintha ndi wabwinobwino, ndiye amafooketsanso mauthenga ofunika, ndipo munthu amatha kuchepa magazi kapena kugwidwa ndi matenda ena mosavuta. Unati funso limenelo ndilo ukufuna kukaligwilila nchito. Mwana wa wolima nthochi wa pa Nyimba akukakhala pakati pa anthu ofufuza zimenezo, ndipo anamusankha chifukwa cha nchito yake. Pamene uli pakati pao usadzichepetse ngati mlendo wongololedwa kulowa. Uli ndi chinthu chimene ambili mwa iwo alibe: unaona matendawa m'nyumba mwako, ndipo ukudziwa mmene amaonekela pa khungu lakuda, m'dela limene aliyense amaopa kuchepa magazi ndipo palibe woganizila kuchuluka kwake.

Dzulo m'mawa ndinakumva kuseli kwa nyumba ukukamba ndi amai ako mukuyanika zovala. Unati mwina ulembele a sukulu kuti akusungile malo mpaka chaka chamawa, chifukwa ukuopa kuti china chake chingandichitikile uli kutali. Sindinafune kumvetsela, koma ndinamva. Tamvela, mwana wanga. Ndinamufunsa dokotala maso ndi maso za masiku anga, ndipo anati anthu amakhala ndi matendawa zaka zambili ngati akusamala, ngakhale sangandilonjeze za mawa. Za mawa palibe angalonjeze, ngakhale kwa munthu wa magazi abwino. Ndili ndi amai ako ondiyang'ana maso m'mawa uliwonse, a Njobvu ndi njinga yao, ndi a Sisita Mwale amene ndimawaopa kuposa matendawo. Ukakhala pano udzangokhala munthu wachinai wondikumbutsa mapilitsi. Ukapita, ungathandize anthu amene sitidzawadziwa maina. Ine atate ako ndakumasula ndi mtima wonse. Usabwelele chifukwa cha mantha, ndipo ndikadwala ndidzakuuza ndekha zoona, osabisa. Uziimbila amai ako kawilikawili. Iwo sadzakuuza kuti akusowa, koma adzakhala akuyang'ana foni.

Pali chinthu chimodzi chimene sitinakuuze. Mlungu watha ine ndi amai ako tinapita ku Petauke, ndipo tinakunamiza kuti tikukagula mbeu. Tinapita kukajambulitsa zithunzi za pasipoti. Amai ako anakhala pampando, anaumitsa nkhope, ndipo zao zinatheka nthawi yomweyo. Itafika nthawi yanga, wojambula anandifunsa kuti, "Ulendo wa kuti, bambo?" Ndinamuuza kuti mwana wanga akamaliza maphunzilo kunja, ndikakhala kutsogolo kumuona akuitanidwa dzina. Anati zikomo, ndiye tsekani pakamwa, pa pasipoti safuna mano. Ndinatseka, koma atangokweza kamela ndinakuganizila utavala chipewa cha omaliza maphunzilo ndipo pakamwa panatseguka pokha. Anayesanso, zinachitikanso chimodzimodzi. Anthu amene anali pamzele anayamba kuseka, amai ako ananditsina, ndipo mnzathuyo anaika kamela pansi nati adikila mpaka nditope. Anadikila nthawi yaitali ndithu. Chithunzi chimene chinatheka pomaliza chili m'Baibulo langa, ndipo ngakhale pamenepo ukayang'anitsitsa uona kuti milomo ndaigwila ndi mphamvu.

Uyende bwino, Esnart. Mulungu akusunge panjila ndi kumene ukukafika.

Ndine atate ako.